Batani Loyera

A khonsolo atatiitana ku holo yawo, ine ndinkayesa akufuna kutiuza za ngalande imene inatsekeka kuseri kwa mashopu athu. Ndinapita nditakonzeka kukangana. Koma titakhala pansi, eni masaluni, ogulitsa mankhwala, amagolosale ndi ine telala mmodzi yekha, mayi wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu anayamba ndi kutchula mayi wamakala.

Tonse tinkamudziwa mayi wamakala. Ankagulitsa pakona pa msewu wathu, ndipo makala a m'simbi yanga ndinkagula kwa iye. Mwamuna wake anamupha m'nyumba mwawo dzuwa likuswa mtengo, wailesi ikulira mokweza. Pamaliro aliyense ankati ankadziwa kuti zidzatha choncho. Nanga ngati tonse tinkadziwa, bwanji panalibe amene anatsegula pakamwa? Funso limeneli anafunsa ndi mayi wa ku khonsoloyo.

Tsiku lomwelo tinam'patsa dzina loti Mayi Ndondomeko, chifukwa sankamaliza chiganizo osatchula mawu amenewo. Ndondomeko yakeyo inali yotere. Mkazi amene akuopa kuti mwamuna wake amupha nthawi zambiri sangapite kupolisi, foni yake imasechedwa, ndipo akatuluka amafunsidwa kumene anali. Koma kusaluni amapita, kugolosale amapita. Ndiye akalowa mushopu ya mmodzi wa ife n'kunena mawu achinsinsi, tizimulowetsa m'chipinda cham'kati, tim'funse ngati ali pangozi, kenako tiimbe nambala imene anatipatsa. Galimoto ya khonsolo izibwera kudzam'tengera kunyumba ina yobisika, imene ngakhale ife sitinauzidwe komwe ili. Mwamunayo tisam'funse kanthu, tisam'langize, tisamuonetse kuti tadziwa. Mawu achinsinsiwo sadzalembedwa paliponse. Anamwino azingowanong'oneza amayi kusikelo, m'kachipinda kopimira mmene abambo salowa.

"Mawu ake ndi awa," anatero Mayi Ndondomeko atatsitsa mawu. "Muli ndi batani loyera?"

Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Zoonadi, ndani angalowe musaluni kapena mogulitsa mankhwala n'kufunsa batani? Ine ndinakweza dzanja.

"Mayi, ine ndine telala."

"Takulandirani, amayi. Atelala ndi ofunika kwambiri mundondomekoyi."

"Ndikutanthauza kuti ndimagulitsa mabatani."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mnzake amene anakhala pambali pake, mnzakeyo n'kuyang'ana mufoni. Kenako anati mawuwo komiti inavomereza kale, anamwino anauzidwa kale, kuwasintha kungasokoneze ndondomeko. "Inuyo muzingogwiritsa ntchito nzeru," anatero. Anatigawira tizithunzi ta kadontho kobiriwira toti timate pazitseko kuti amayi azidziwa shopu yolowa, msonkhano n'kutha. Za ngalande sanatchuleko n'komwe.

Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi kogawidwa ndi katani. Kutsogolo kuli makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi mabotolo a mabatani pashelefu. Kuseri kwa katani kuli galasi, mpando umodzi ndi chitseko chotulukira kungalande kuja. Ndipo pa mabotolo onse aja, limene limatha msanga ndi la mabatani oyera. Yunifomu za sukulu, malaya a kwaya, madiresi a anamwino, zonsezo batani lake ndi loyera.

Woyamba anali mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi. Analowa akupuma mwawefuwefu, dzanja lili pachifuwa, n'kunena mawu aja ndendende. Ndinam'kokera kuseri kwa katani, ndinam'gwira manja onse awiri.

"Amayi, musaope. Muli pangozi?"

"Ngozi yanji? Belu latsala pang'ono kulira ndipo bulauzi yanditsekukira pachifuwa. Muli nalo batanilo kapena ndipite kwina?"

Ameneyo tinaseka naye zinatha. Amene sanaseke ndi mayi busa a patchalitchi cha kumtunda kwa msewu. Nditawafunsa funso lomwelo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukuti abusa amanditani?"

Kufotokoza kukanakhala kuulula chinsinsi. Ndinangoti pepani, ndinaona ngati mwatopa. Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa yoti telala uja akufalitsa zoti abusa amamenya akazi awo, ndipo kwaya yonse inadzatenga nsalu zake kupita nazo kwa telala wina. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinapsa mtima.

Ndinapita kukhonsolo kukabweza kadontho kawo. Pachipata anandilozera chipinda chapamwamba, kumeneko anati nkhani za mashopu ndi pansi, pansipo anati za amayi ndi kuseri. Mayi Ndondomeko ndinakawapeza pakhonde lakuseriko, atanyamula khanda limene linkalira mosatonthozeka. Maso awo anali ofiira chifukwa cha tulo. Khandalo silinali lawo. Mayi ake, anatero, anali kuchipatala akusokedwa pamutu, ndipo anapulumukira m'golosale ina chifukwa cha mawu omwe aja.

Ndinawafotokozerabe za mayi busa, koma mawu anga anali atazizira.

"Pepani kwambiri, amayi," anatero akugwedeza khandalo. "Tinalakwitsa posankha mawuwo, ndikuvomera. Koma afika kale m'makutu mwa amayi ambiri, ndipo sindingawatsate mmodzimmodzi kukawauza ena atsopano. Funsani ndithu. Safunsa anadya phula."

Ndinabwerera ndi kadontho kanga m'chikwama, mutu utaima. Kufunsa ndi bwino, inde, koma makasitomala akatha ndidzasokera ndani? Madzulo ake ndinakhala pakhonde ndi mnzanga wa saluni, amene shopu yake inagundana ndi yanga, mpaka ndinapeza nzeru imene Mayi Ndondomeko anati ndizigwiritsa ntchito ija.

"Ndapeza," ndinamuuza. "Munthu akabwera ndi chovala chothothoka batani, akufuna batani. Akabwera chimanjamanja, ndiye kuti ndi zija."

"Koma ndiye ayi, asisi, mutu wanu umagwira," anatero wa saluni.

Ndinamatanso kadontho kaja pachitseko, ndipo lamulo langalo linagwiradi ntchito. Sindinakokerenso munthu kuseri kwa katani popanda chifukwa, ndipo ena a kwaya aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Tsopano ndinene za achimwene anga. Iwo ndi mkulu wa operekera zakudya pahotela ina yaikulu m'tauni, ndipo ntchito yawo ndi ya malaya oyera tsiku ndi tsiku. Ulemu ndiye anabadwa nawo. Ngakhale mwana wamng'ono amam'patsa moni atawerama pang'ono. Pamene ndinkatsegula shopu, makina aja ananyamula paphewa ndi iwowo, ndipo chikwangwani cha pamwamba pa chitseko, chokhala ndi dzina la bambo athu, analemba okha ndi penti atakwera pamakwerero obwereka. Akazi awo, alamu anga, ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato asanakwatiwe, mtsikana wa nthabwala woseka mpaka misozi. Atakwatiwa achimwene anawasiyitsa ntchito, amvekere mkazi wanga asamavutike ine ndilipo. Tonse kubanja tinawayamikira. Alamu atayamba kuchepa mawu tinati ndi kukula, komanso mwana wawo wamkazi anali pamsinkhu wotopetsa.

Tsiku lina achimwene ali pa ofu anabwera onse awiri. Achimwene anaima pakhonde kupereka moni kwa aliyense wodutsa, alamu n'kulowa.

"Alamu, muli ndi batani loyera?"

Mtima unadumpha pang'ono mwa chizolowezi, koma m'manja mwawo munali malaya a achimwene, ndipo batani lachiwiri kuchokera pakolala panalibe. Ndinadziseka ndekha. Ndinatsegula botolo, ndinasankha lofanana, ndinayamba kusoka. Alamu sanakhale pansi.

"Galasi lanu lija likadali kuseriku?" anafunsa.

"Lilipo, koma inu mwatchena kale, mukufunanso kuona chiyani?"

Anamwetulira. Pakhonde achimwene anaitana mofatsa, "Mayi a mwana, tachedwatu." Alamu analandira malaya aja n'kutuluka.

Pa ofu yotsatira anabweranso ndi malaya ena, funso lake lomwelo. Ndinawaseka.

"Kodi alamu, mumachapira pamwala wanji wodya mabatani chonchi?"

"Ndimawauzatu, achemwali," anatero achimwene ali pakhomo, akuseka nawo. "Manja awo ndi aukali."

Kunja kunkatentha moti phula linkanyeta pamsewu, koma alamu anali atakulunga mpango m'khosi. Ndinauona mpangowo. Ndinadziuza kuti ndi fashoni, atsikana a masiku ano amavala zilizonse. Koma atapita ndinasoka mkono wa diresi la kasitomala chagada, ndinaphwasula, ndinasokanso chagada.

Maganizo anayamba kundizunguza. Lamulo langa linkati malaya alipo, batani palibe, basi nkhani yatha. Koma nanga galasi lija ankalifuniranji? Ndikafika pamenepo ndinkadzikalipira. Achimwene angawa? Munthu woti kunyumba kwathu ankakana kupha nkhuku, ankachita kuitana aneba? Ndinaganiza zowafunsa iwowo mwanthabwala, kenako ndinakumbukira kuti anatiletsa kufunsa mwamuna. Ndinaganiza zofunsa alamu pafoni. Nditaimba anayankha ndi achimwene.

"Foni yawo ndikusunga ine, achemwali, imawasokoneza pantchito zapakhomo. Pali uthenga?"

"Ayi, ndimangopereka moni."

"Zikomo kwambiri, ndiwauza. Inu ndiye mumatikumbukira."

Ndinapita kwa wa saluni. Ndinam'peza akuluka kasitomala, ndiye ndinalankhula mozungulira.

"Tiyerekeze munthu wabwera ndi chovala, batani lathothokadi, koma wabweranso kachiwiri."

"Ndiye kuti ali ndi zovala zambiri," anatero, chipeso chili kukamwa. Kenako anandiyang'anitsitsa. "Ndani?"

"Palibe. Ndimangoganiza."

Ndinabwerera pamakina osadziwa ngati ndikuopa kuti ndikuganizira mlongo wanga zoipa popanda chifukwa, kapena ndikuopa kuti chifukwacho chilipo. Ndikalakwitsa ngati mmene ndinalakwitsira kwa mayi busa, apa sindidzataya kwaya, ndidzataya achimwene, ndipo abale onse adzati ndapasula banja la mlongo wanga ndi nkhani za kukhonsolo. Ndikakhala chete, nkhope ya mayi wamakala inkandibwerera. Chibale ndi fupa, sichiwola, koma alamu nawonso ali ndi kwawo kumene anawabereka.

Ofu ina itakwana, cha kumasana, ndinawaona akubwera atatu. Achimwene anagwira mwana padzanja n'kuima naye pakhonde, akucheza ndi wokonza mafoni wa shopu yachitatu. Alamu analowa ndi malaya, mpango uli m'khosi.

"Alamu, muli ndi batani loyera?"

Mawu ake anatuluka ouma, ngati a munthu amene watopa kugogoda pakhomo popanda woyankha. Ndinatambasula malayawo patebulo. Anali oyamba aja, ndipo batani losowa linali lomwe lija ndinasoka ine, lachiwiri kuchokera pakolala. Batani langa silithothoka, ndimapinda ulusi pawiri n'kuzunguliza pansi pake. Ulusi wangawo unali ukadali pansalupo, nsonga zake zili zofanana bwinobwino. Batani lothothoka lokha limasiya ulusi wonyenyeka. Apa panadutsa lezala.

Ndinatukula maso. Alamu ankayang'ana katani.

Ndinasuzumira pakhonde n'kudzikakamiza kuseka.

"Achimwene, tandibwerekani mwanayo. Ndili ndi kansalu kotsala, ndimuyeze ndim'sokere kadiresi."

"Aa, azakhali ake ndiye amenewa," anatero akum'kankhira mwanayo kwa ine. "Pita, ukathokoze."

"Alamu, bwerani mudzandigwirire tepi."

Tinalowa kuseri, ndinakoka katani. Funso lija ndinali nditafunsapo anthu osafunika kuwafunsa, koma apa linakana kutuluka. Ndinachita chibwibwi.

"Alamu, batani limeneli, mukufuna la malaya, kapena..."

Anatsegula kachikwama kawo n'kukhuthulira pampando timabatani toyera, tina tikadali ndi ulusi. Limodzi linagubuduka n'kugwera pansi, mwana n'kulitola.

"Onsewa ndinadula ndekha," ananong'ona. "Ena ndinkadula, iwo n'kunena kuti ndisoke ndekha. Kwina kulikonse sandilola kupita. Kuno kokha, poti ndi kwa achemwali awo, komanso pokhapokha pakhale chifukwa. Popanda malaya sindikanatuluka m'nyumba. Ndinkati mwina anamwino aja anandinamiza, kapena kadontho kali pachitsekoka ndi kongokongoletsa."

Anamasula mpango uja. Sindifotokoza zimene ndinaona, koma zala za munthu zimadziwika.

Ndikanakonda kunena kuti pamenepo mutu wanga unayera, koma ayi. Mawu oyamba amene anafika pa lilime langa anali oti banja ndi kupirira, tiitane akuluakulu tikambirane, mwina ndi kutopa ndi ntchito. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti munawalakwira chiyani. Ndinachita manyazi ndi lilime langa lomwe.

"Anola mpeni wa kukhitchini, akugona nawo pansi pa pilo," anatero alamu. "Akuti tsiku limene ndidzaganize zochoka, tonse atatu tidzapitira limodzi."

Anayang'ana mwana, amene ankadziyang'anira pagalasi ataika batani lija pamphuno.

"Achemwali!" anaitana achimwene kuchokera pakhonde, mawu awo okoma omwe aja. "Kamwana kamodzi komweko mpaka dzuwa kulowa?"

"Sakukhazikika, achimwene! Tatsala pang'ono!"

Ndinatsegula chitseko chakuseri pang'onopang'ono kuti chisalire. Madzi a m'ngalande yotsekeka ija anali atafika pakhomo penipeni, akuda, onunkha. Alamu anavula nsapato, ananyamula mwana, tinaponda momwemo mpaka pachitseko chakuseri cha saluni. Mnzanga uja atationa anayang'ana khosi la alamu, anayang'ana ine, osafunsa kanthu. Anawalowetsa m'kachipinda kosungira matawulo, anayatsa chowumitsira tsitsi, anakweza wailesi.

Ndinaimba nambala ija. Anayankha ndi Mayi Ndondomeko. Ndinawauza kuti ndine telala uja, kuti pali mayi ndi mwana musaluni, kuti galimoto idzere kanjira kakuseri, kuti mwamunayo waima pakhonde langa.

"Ali ndi chida?"

"Kunyumba. Kaya pano, sindikudziwa."

"Dzina la mwamunayo?"

Ndinalitchula.

"Amayi, dzina limeneli si lomwe lili pachikwangwani cha shopu yanu?"

"Ndi lomwelo. Analemba okha."

Ndinawamva akupuma mozama. Ulendo uno sanatchule ndondomeko. Anangoti, "Galimoto yanyamuka. Bwererani mushopu, mumuchedwetse mmene mungathere. Asadziwe kanthu mpaka atachoka. Mukwanitsa?"

Sindikudziwa chimene ndinayankha. Ndinadutsanso m'madzi aja, ndinapukuta mapazi ndi zidutswa za nsalu, ndinapatula katani. Achimwene anali atalowa. Anakhala pampando wa makasitomala, malaya awo ali pamiyendo.

"Ali kuti anthuwa?"

"Mwana wafuna kuchimbudzi. Apita naye cha kuseriku."

"Ana," anatero akupukusa mutu, akumwetulira. Anandipatsira malaya aja ndi manja awiri. "Ndiye tangondiikirani batanili, achemwali. Mawa kuli alendo akuluakulu kuhotela."

Ndinatsegula botolo. Ndinasankha batani, ndinalibweza, ndinasankha lina. Ulusi unakana kulowa pasingano, ndipo apa sindinkachitira dala. Ndinkayang'ana manja awo ali phee pamaondo, zikhadabo zowenga bwino, manja omwe ananyamula makina angawa. Ndinkafuna kulira, ndinkafuna kuwamenya ndi simbi, ndinkafunanso kuti wina alowe adzandiuze kuti ndasokonezanso ngati kwa mayi busa.

"Mukunjenjemera bwanji?" anafunsa. "Mwadya koma? Mumadzipanikiza ndi ntchito inu."

"Ndi maso, achimwene. Ukalamba."

Anaseka. Ndinasoka batanilo pang'onopang'ono kuposa batani lina lililonse limene ndinasokapo. Ndinapinda ulusi pawiri, ndinazunguliza pansi pake, ndinazungulizanso. Khutu langa lonse linali kuseri, koma kunkangomveka wailesi ya musaluni. Batani ndi batani, ngakhale uchedwe bwanji limatha. Ndinamanga mfundo, ndinaluma ulusi.

Achimwene anayang'ana wotchi yawo. Kumwetulira kuja kunali kukadalipo, koma maso anali pakatani.

"Chimbudzi chakecho chili kutali bwanji?" anatero akudzuka. "Ndikawaone."

"Dikirani kaye, achimwene," ndinatero. "Palinso lina likugwedera apa. Lingakuchititseni manyazi pamaso pa alendo."

Anaima. Ndinatembenuza malayawo kuti asaone bwino, ndinagwira batani lachitatu, lolimba bwinobwino, ndinalowetsa nsonga ya sizasi pansi pake n'kudula.